Mbale ya Aneba Pansi pa Bedi

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse m'mawa uno. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Ine sindine wozolowera kuyankhula pagulu, ndiye ndikamakakamira pena, mundipirire. Ndili bwino, kutopa kokhaku.

Dzina langa ndine Esinati, koma ambiri mumandidziwa kuti amake Tadala. Kwathu ndi cha ku Milonde. Kumeneko ndinali ndi munda umene anandisiyira mayi anga. Amuna anga, abambo a Tadala, anabwera kudzakhala kwathu monga mwa mwambo, ndipo tinkalima chimanga, nandolo ndi chinangwa. Sitinali olemera, ayi. Koma ndiwo sitinkagula. Ndipo pamudzi paja, wotumiza mbale kwa anzake ndinali ine. Ndikaphika nandolo, mbale imodzi kwa azakhali, ina kwa alamu. Ndinkamva bwino anthu akamati Esinati ndi wa dzanja lotambasuka.

Mayi anga anandiphunzitsa chinthu chimodzi ndili kamtsikana. Anati, mbale ya mwini sibwerera yopanda kanthu. Mnzako akakupatsa ndiwo, pobweza mbale uikemo kenakake, kaya mtedza, kaya tomato awiri. Mawu amenewa muwasunge, abale, chifukwa ndi amene anatsala pang'ono kundiphera mwana.

Ndiye kunabwera mvula ija. Nonse mukuidziwa, sindichita kufotokoza. Napolo anatsika m'phiri, napita ndi munda wanga. Pamene panali chinangwa panatsala miyala ndi mchenga. Khasu ukalimenya pansi limangolira. Tinayesa chaka chimodzi, osakolola kanthu. Abambo a Tadala anapeza ntchito ya sizoni, ya nyengo ya mvula yokha, yothyola tiyi, ndipo tinasamuka kudzakhala kuno, m'nyumba ya lendi.

Ndikati nyumba, musaganize zambiri. Ndi mdadada wa zitseko zisanu ndi chimodzi. Bafa limodzi, chimbudzi chimodzi, chingwe choyanikapo zovala chimodzi. Ife chipinda chathu tinachidula pakati ndi chitenje. Uku bedi lathu, uku mphasa ya ana awiri, Tadala wa zaka zisanu ndi zinayi ndi Yamikani amene anali atangosiya kuyamwa. Khoma lake, mnzako akatsokomola umamva ngati watsokomolera m'khutu mwako. Ndipo pa lendi chilichonse n'chogula. Madzi ogula. Makala ogula. Ngakhale nkhwani, abale, nkhwani imene kwathu mbuzi zinkachita kuiponda, kuno yogula.

Ndinaphunzira kusamala. Sopo ndinkamudula ndi ulusi, tizidutswa tinayi. Ndikatha kuphika ndinkathira madzi pa mbaula kuti makala otsala ndiwayanike, adzagwirenso ntchito mawa. Madzi ochapira zovala ndi omwewo okolopera. Masamba a tiyi ndinkawiritsa kawiri, kachitatu amangotuluka madzi a mtundu chabe. Zimenezo sindichita nazo manyazi. Kusamala si tchimo. Tchimo langa linali lina.

Mvula itasiya, tiyi anasiya kuphuka, ndipo a sizoni onse anauzidwa kuti akadikire kunyumba. Abambo a Tadala anayamba kupita ku Likhubula, kukadikirira mwayi wonyamula katundu wa alendo okwera phiri. Koma kumeneko kuli eni ake, ali ndi mzere wawo. Munthu wachilendo amapeza katundu pokhapokha ena akachepa. Ankakhala masiku anayi, asanu, n'kubwera mapewa atasupuka, m'thumba muli kangachepe. Tikapatula za lendi, zotsala zinkangokwana kaufa ka m'pepala ndi mchere. Ndiwo zinasowa. Tinafika pomwa phala la madzimadzi m'mawa, ndi phala lomwelo madzulo.

Khomo loyandikana nafe kumakhala amake Rozina. Ndi mayi wamasiye, wothyola tiyi wa zaka zambiri, zala zawo zinachita kuda ndi utomoni wa masamba. Makolo awo anachokera kutsidya, ku Mozambiki. Si munthu wa mawu ambiri. Tsiku lina masana anagogoda. Ndikutsegula, ali ndi mbale yachitsulo ya mkombero wofiira, yosupuka pambali. M'katimo nandolo wamuwisi ndi chinangwa chophika.

Anati, "Aneba, alaweko ana."

Ndinalandira ndi manja awiri. Ana anadya mpaka kunyambita. Inenso ndinadya, sindinama. Ndinatsuka mbale ija, n'kuima nayo pakati pa nyumba. Ndiikemo chiyani? Ndinayang'ana m'thumba la ufa. Ndinayang'ana m'chitini cha mchere. Ndinati, mawa, abambo akabwera. Ndinaiika pansi pa bedi.

Mawa linafika, palibe. Sabata inatha, palibe. Mbale ili pansi pa bedi. Ndipo mbale ija inayamba kundilemera kuposa mtolo wa nkhuni. Ndikamva chitseko cha amake Rozina chikutseguka, ine ndinkalowa m'nyumba. Ku mjigo ndinkapita nthawi imene ndikudziwa kuti iwo kulibe. Anabweranso ndi chakudya, ulendo uno m'kapoto. Ine ndili pakhomo, m'mimba mukulira, ndinati, "Zikomo aneba, ife tadya kale." Anabwera kachitatu. Tadya kale. Kachinayi sanabwerenso.

Abale, kunyada kuli ndi ntchito yambiri. Kumatopetsa. Masana ndinkatulutsa mapoto oyera kale, n'kumawakwecha ndi mchenga pabwalo, mwaphokoso, kuti mdadada wonse umve kuti kwa amake Tadala adya. Ana ndinkawapaka mafuta odzola pamilomo kuti isaoneke youma. Tsiku lina ndinapeza Tadala atakhala pakhonde la amake Rozina nthawi ya chakudya, Yamikani ali kumsana. Ndinamukokera m'nyumba, ndinamumenya. Ndinamumenya mwana wanjala chifukwa chokhala pafupi ndi chakudya. Ndinamuuza kuti ife si opemphapempha. Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umandiwawa.

Ndipo Lamulungu lililonse ndinali muno. Pa benchi iyo, yachitatu. Chitenje chochapa bwino. Tikamati mutipatse ife lero chakudya chathu chalero, mawu anga ankamveka kuposa a ena.

Kenako Yamikani anayamba kusintha. Masaya anatupa. Mapazi anatupa. Poyamba ndinati mwana akunenepa, Mulungu ndi wabwino. Koma tsitsi linayamba kufiira n'kumathothoka. Anasiya kusewera. Ankangokhala pamphasa, kulira kwake kopanda mphamvu, ngati kamwana ka mphaka. Amayi ena a pamdadada anayamba kunong'ona kuti limeneli ndi tsempho. Mukudziwa zimene timanena kwathu kuno, kuti mwana akatupa ndiye kuti bambo wayenda njira zosayenera, wamudumpha mwana.

Ine ndinawagwira mawu amenewo ndi manja awiri. Abambo a Tadala atabwera kuchokera ku Likhubula, asanakhale n'komwe pansi, ndinawafunsa kuti kuphiri kuja mukunyamula katundu yekha? Ndinawanena zambiri. Munthu atatopa, mapewa ali zilonda. Sanandiyankhe mokweza. Anangoti, "Esinati, ine ndilibe mphamvu yokwera phiri, ndiye ya zimenezo ndiitenga kuti?" Anagona osadya, m'mawa anabwerera.

Ndikuuzeni zoona, abale. Pansi pa mtima ndinkadziwa. Ndinkadziwa chimene mwana akudya. Koma kunali kopepuka kunena kuti mwamuna wanga ndi wachimasomaso kusiyana ndi kunena kuti m'nyumba mwanga mulibe chakudya.

Lachiwiri lina m'mawa, ndikumusambitsa mwana pakhomo, amake Rozina anaima patsogolo panga. Miyezi iwiri tisakuyankhulana bwino. Sanandipatse moni. Anagwada, anagwira phazi la Yamikani, anadina ndi chala chawo chakuda chija. Atachotsa, panatsala kadzenje. Kadzenje kaja sikanabwerere.

Anati, "Limeneli si tsempho. Wanga woyamba anapita chonchi. Tengani chitenje, tiyeni."

Ndinatenga chitenje. Mwana anabereka iwo, ine pambuyo ngati mlendo, mpaka ku chipatala cha mishoni.

Kumeneko anamwino anamuyeza pamkono ndi kalamba koyezera ngati mwana wanyentchera. Anamuyang'ana m'maso, m'kamwa. Kenako anandifunsa, mofatsa ndithu, kuti mayi, mwanayu dzulo wadya chiyani? Amake Rozina ali pomwepo, pambali panga. Ndinati phala. Dzana? Phala. Muli chiyani m'phalamo, nsinjiro? Ayi. Mchere basi. Kuyambira liti? Pamenepo ndinalira. Ndinalira ngati pamaliro. Zonse zija ndinkabisa ndi mchenga ndi mafuta odzola, zinatuluka pamaso pa munthu yemwe ndinkamuuza kuti tadya kale.

Anatigoneka. Masiku oyamba mwana sankafuna ngakhale kumeza mkaka umene ankamupatsa. Anamwino anandiuza mosabisa kuti tachedwa naye, koma tiyesetsa. Ndinakhala pambali pa bedi lija, thupi lonse lili lefu. Kupemphera kwenikweni kunandikanika. Ndinangoti, Ambuye, ndatopa. Ndatopa kunama. Musamulange mwana chifukwa cha ine.

Sindinamve mawu ochokera kumwamba, abale, sindikufuna kuwonjezera. Chimene chinabwera ndi kukumbukira. Ndinakumbukira pemphero langa la pa benchi yachitatu, chakudya chathu chalero. Ndinaona kuti Mulungu anayankha kalekale. Anayankha katatu. Anatuma munthu mpaka pakhomo panga, chakudya chili m'manja, ine kawiri konse n'kumubweza. Ndinkafuna Mulungu andipatse m'njira yoti aneba asadziwe. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine m'mimba ndinamva, koma chitseko ndinachikhoma.

Tsiku lachisanu Yamikani anamwa. Lachisanu ndi chimodzi anakankha kapu, kufuna kugwira yekha. Kutupa kunayamba kuphwa. Anayamba kudya chiponde chija amapereka kuchipatala. Abambo ake anabwera wapansi kuchokera ku Likhubula, ndipo panja pa wodi ndinawagwadira, ndinapepesa. Anati dzuka, anthu akuona. Ndinati aone.

Titatuluka, ndinapeza m'nyumba mosesedwa. Masabata awiri onse amene tinali kuchipatala, Tadala ankadya ndi kugona kwa amake Rozina. Ndipo pamwamba pa bedi panali mbale ija, ya mkombero wofiira. Amake Rozina anaipeza posesa. Sanaitenge. Anaisiya pamenepo kuti ndiione.

Ndinapita nayo kwawo, manyazi ali thoo. Ndinayamba kufotokoza za mayi anga, za mwambo, kuti ndinalibe choikamo. Anandidula.

Anati, "Amake Tadala, ine mbale ndili nazo ziwiri. Miyezi yonseyi ine ndi Rozina takhala tikudyera m'mbale imodzi. Ndinkafuna mbale yanga, osati za m'kati mwake."

Kenako anati, "Ine ndinkayesa mumanyansidwa ndi manja angawa. Kapena munamva kuti mkazi wamasiye amaika zinthu m'chakudya."

Abale anga, ine ndinkaganiza kuti ndikuteteza ulemu wanga. Sindinadziwe kuti kuseri kwa khoma lija kuli munthu amene ndikumubaya tsiku ndi tsiku. Tinalira tonse awiri, pakhonde pomwe ndinakokerapo mwana wanga.

Lero sindibwera kudzakuuzani kuti ndamanga nyumba ya malata. Ayi. Tikadali m'chipinda chomwecho, chitenje chomwecho pakati. Sopo ndikumudulabe ndi ulusi. Makala ndikuwazimabe ndi madzi. Abambo a Tadala mvula ikagwa amathyola tiyi, ikasiya amapita kuphiri, ndipo msana wayamba kuwavuta. Ndimatopa. Masiku ena ndimadzuka nditatopa kale.

Koma eni nyumba anatilola kuika matumba a dothi kuseri kwa bafa. Ine ndi amake Rozina tinadzalamo mpiru ndi bonongwe, timathirira ndi madzi otsukira mbale. M'phala la mwana tsopano mumalowa nsinjiro, ngakhale kasupuni kamodzi. Mapoto oyera ndinasiya kukwecha. Kukakhala kulibe, ndimanena kuti lero kulibe. Yamikani ndi uyo ali pa miyendo ya abambo ake, akulimbana ndi chipewa. Ndi wamfupi kuposa anzake, koma ali moyo. Ambuye alemekezeke.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanatope nane pamene ine ndinkabweza chakudya chake. Ndikuthokoza anamwino aja. Ndikuthokoza amuna anga chifukwa chondikhululukira. Amake Rozina sapemphera muno, koma ndawathokoza kale pamaso.

Ndipo mayi mnzanga, ngati uli muno, chitenje chochapa bwino, milomo ya ana yopakidwa mafuta, ine ndakuona, chifukwa ndinali iwe. Usadikire kadzenje pa phazi la mwana.

Mbale ija ikuyendabe pakati pa zitseko ziwirizi. Pena imachoka kwathu ndi bonongwe. Pena imabwera ndi nandolo. Dzulo inabwera ndi mbatata. Lero m'mawa, ndisanabwere kuno, ndinayang'ana m'nyumba, munalibe choikamo. Ndinaitsuka, ndinaipukuta, ndinagogoda. Ndinaipereka ndi manja awiri, yopanda kanthu, ndinati zikomo aneba. Iwo analandira, n'kundifunsa ngati mwana wadzuka bwino.

Ambuye akudalitseni nonse. Amen.