Opaleshoni Yodikira Mwini Mbumba

Aleluya! Abale ndi alongo, ndakulonjerani m'dzina la Yesu. Ine ndine mayi a Chisomo, kwathu ndi m'munsi mwa phiri la Michesi momwemu. Mukamva mawu anga akunjenjemera musadabwe, mtima wangawu sunakhazikikebe.

Ndinali munthu wa khasu ine. Nandolo, chinangwa, nkhuni kuphiri, osadziwa kutopa. Kenako ndinayamba kuona magazi ndikapita kuchimbudzi. Tinkati ndi kamwazi. Zitsamba ndinamwa, mapilitsi a pagolosale ndinamwa, ayi ndithu. Thupi kumangotha. Kuchipatala cha paboma ananditumiza ku Blantyre, ndipo adokotala akumeneko anati, "Mayi, iyi ndi khansa ya m'matumbo. Pakufunika opaleshoni msanga, isanafalikire."

Ndinayang'ana amuna anga. Iwo maso pansi.

Inu mukudziwa za kwathu kuno. Amuna anga ndi mkamwini. Nkhani ya mpeni amadula ndi mwini mbumba, achimwene anga a Dikisoni. Koma achimwenewo anali atalowa ku Mozambique kukalima, foni yawo osagwira. Tinabwerera kumudzi kuti tikawadikire.

Abale anga, kudikira kuja! Uthenga tinatuma kwa akabaza, tinatuma kwa ogula chimanga kumalire, koma achimwene osaoneka. Mayi anga aang'ono ankati, "Osayerekeza! Ukakafera pampeni mwini mbumba asakudziwa, maliro ako ayendetsa ndani?" Maliro anga! Ine ndili pamphasa pomwepo, ndikumva ndi makutu angawa! Ndinapsa mtima, koma mantha ndiwo anakula. Mimba inayamba kutupa. Ndikayang'ana mwana wanga Chisomo akusinja, ndinkadzifunsa kuti kodi ameneyu adzamulera ndani?

Tsiku lina m'mawa ndinagwa pabwalo ndikusesa. Amuna anga, munthu wofatsa uja, woti ngakhale mbuzi imudyere chimanga sakalipa, anatulutsa njinga n'kumanga pilo pakaliyala. Anauza mayi aang'ono kuti, "Amayi, akakamwalira mudzandithamangitse pamudzi pano, mudzati ndapha ndine. Ndavomera. Koma sindingaonerere mkazi wanga akuuma ngati phesi."

Anandipalasa mpaka pokwerera basi. Titafika ku Blantyre adokotala anapukusa mutu. "Mwachedwa, koma tiyesa. Mwini thupi ndinu, mayi, mukuti bwanji?" Ndinati ndiduleni. Anachotsa mbali yodwalayo, ndipo ndinadzuka. Ndinadzuka, abale! Aleluya!

Sindikunamizani kuti ndachira. Ndikulandirabe mankhwala a m'diripi, amandisanzitsa koopsa, ndipo ulendo wake ndi wautali. Ena amati, "Wanenepa, siya mankhwalawo." Koma adokotala anati ndikadumpha tsiku, matendawa atha kubwerera. Mantha ndili nawobe, mundipempherere.

Achimwene anatulukira nthawi yokolola. Ndinati basi, banja langa latha. Anakhala pakhonde, amuna anga atanjuta pansi. Kenako achimwenewo anati, "Alamu, ndamva kuti munandidumpha."

"Ndinatero, alamu."

Achimwene anayang'ana ine, anayang'ana njinga ija itatsamira khoma, misozi ili mbwembwembwe. "Matayala anuwa atha, alamu. Ulendo ukubwerawu mlongo wangayu ndimunyamula ndine."

Mulungu amene anatsegula pakamwa pa mkamwini, alemekezeke. Lachiwiri ndikubwereranso kudiripi, pa njinga ya achimwene. Ameni!