Basela wa pafoni

Pa siteji ya majipini, timabasi ta kumeneko, pafupi ndi msika waukulu wa mumzinda wa Cebu, mayi wogulitsa mango anatula dengu lake kumbuyo kwa mlonda wina wachinyamata, n'kusuzumira pafoni yake.

"Dong, ukumwetulira chiyani? Chibwenzi?"

"Ayi, Manang, ndi juga ya pafoni. Ndikaika mapeso chikwi, iwo andiwonjezera chikwi china. Basela!"

"Chikwi chakocho n'cha chiyani?"

"Cha nsapato za mwana, akuyamba sukulu Lolemba. Ndikapambana ndimugulira ndi chikwama chomwe."

"Usadine kaye. Werenga timalemba ta pansito, ine magalasi ndaiwala."

"Akuti ndalamazo ndizibetche maulendo makumi atatu ndisanatapeko, pasanathe sabata."

"Ndi chikwi chako chomwe?"

"Ndi changa chomwe, Manang."

"Chidindo cha boma chilipo?"

"Chilipo, ichi."

"Ndiye akumeta mpala ali ndi chilolezo. Ine ndagulitsa mumsikamu zaka makumi anayi. Ndikakuikira basela, umapita naye kwanu n'kukadya. Sindigwira thumba lako kuti ugule kaye maulendo makumi atatu."

"Aa, Manang, mwandiziziritsa chala. Ndatseka."

"Wachita bwino. Nsapato zili pamzere wa kuseri kwa tchalitchi. Akakuuza mtengo, iwe uyambire pa theka, ndipo usamwetulire chonchi."

"Nanga mango atsalawo mukuchita bwanji?"

"Atatu mapeso makumi asanu. Ili laling'onoli ndi basela, ukampatse mwanayo."

"Malamulo ake?"

"Asende asanadye."