Ndinawachedwetsa Kukaona Njovu

Moni aulutsi ndi omvera nonse. Ine ndine gogo wa kuno ku Namitambo. Pensulo sindiidziwa, andilembera anzanga a kumpingo, koma mawuwa ndi anga.

Malemu amuna anga ankafunitsitsa kukaona njovu ku Liwonde, poti agogo awo anakumana nazo panjira pochokera ku Mozambiki. Chaka chomwe tinayamba mavoti a zipani zambiri amvekere, "Amayi, konzani kamba tipite." Ine ndimvekere, "Abambo, nanga nandoloyu athyola ndani? Njovu sizithawa!" Chaka chinacho ndinanamizira chinamwali cha mwana, chinacho denga.

Njovu sizinathawedi. Amene anathawa ndi maso a abambowo.

Nditawaona akupapasa chitseko, ndinakapangana ndekha ndi wa matola. Ndinakazinga chimanga, kuwotcha mbatata, kuwachapira jekete ya kutchalitchi. Amvekere, "Ndikaonako chiyani ine?" Ndimvekere, "Kwerani, maso anu ndine!"

Titalowa m'nkhalango muja, chinjovu icho! Ndinakuwa, "Abambooo, makutu ngati malichero!" Woyang'anira nyama amvekere, "Agogo, chonde, mutiphetsa!" Ine amene ndikamaitana nkhuku mudzi wonse umamva, ndinayamba kunong'ona. Abambo anandigwira dzanja. "Khalani chete, amayi, ndikuimva." Inkathyola nthambi, phwa! phwa! Iwo misozi ili chuchuchu, uku akumwetulira.

Pobwerera amvekere, "Inali yaikulu ndithu, eti?" Sanandidzudzulepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo chimandiwawa mpaka lero n'chimenecho.

Anzanga, mnzanu akati tiyeni, nyamukani maso akadalipo.