Mmene a Nsambo Anagwera pa Nsanja

Ine, amene anthu amanditcha Sizinathe, wa zaka 74 malinga ndi chitupa, ngakhale olembawo anangondiyang'ana nkhope, wokhala kuseri kwa msika waukulu, ntchito yanga yofotokoza nthano m'masukulu ndi m'misonkhano, ndikunena izi pa za imfa ya mlamu wanga, a Nsambo. Ndamva kuti akuluakulu a bungwe la zaluso auza apolisi kuti malemuwo anagwa chifukwa cha mowa. Ine ndinalipo, choncho ndinene mmene zinayendera.

A Nsambo anakwatira mlongo wanga. Anali osaona chibadwire, ndipo ankaimba gitala. Tinayamba kugwira ntchito limodzi mutu wangawu usanamere imvi: ine nthano, iwo nyimbo. Kagwiridwe kathu kanali kotere. Ine ndinkatsogola, kuima pamalo n'kuyamba kulankhula. Iwo ankasiya ndodo kuseri, n'kumabwera akuimba, kutsata mawu anga mpaka phewa lawo ligunde langa. Udindo wanga unali wosasuntha ndi wosasiya kulankhula. Sitinafotokozerepo munthu zimenezi. Sichinali chinsinsi ayi, kungoti ife sitinkaziona ngati nkhani.

Chaka chino bungwe lija linalandira thandizo la boma loti liphunzitse aluso kugwira ntchito mwadongosolo. Anatenga ojambula, ovina, azisudzo, ndi ife awiri. Ankatiphunzitsa mayi wina amene tonse tinkangomutcha Aphunzitsi. Anatiphunzitsa kusunga nthawi, kumvetsa mgwirizano tisanadinde chala, ndi kuyendera malo tisanaonetsepo luso. Ine anandiphunzitsa kumaliza nthano ola lisanakwane. A Nsambo anati chimenecho ndi chozizwitsa choposa kuwatsegula iwo maso. Bwana wapolisi amene akulembayu akuti izi sizikufunika, koma lembani, munthuyo anali wotero.

Tsiku lophunzira za chitetezo, Aphunzitsi anafunsa kuti, "Agogo, tikupezereni munthu wokugwirani dzanja pa nsanja?"

A Nsambo anayankha kuti, "Mwanangu, ndili ndi wailesi yanga iyi, siithima. Ndikangoimva, ndafika."

Anthu anaseka. Aphunzitsi nawonso anaseka n'kupitiriza phunziro. Anaona ngati ndi nthabwala za pachilamu.

Lachinayi la sabata yathayi tinakayeserera mu holo ya bungwe. Nsanja yake ndi yamatabwa, yofika m'chifuwa mwa munthu wamkulu. Pansi ndi pa simenti, ndipo kutsogolo kulibe chotchinga. Tinayeserera ndipo zonse zinayenda bwino. Masipika panalibe. Anati ndi obwereka, adzabwera pa tsiku lenilenilo.

Loweruka linali tsiku loonetsa alendo a boma zimene taphunzira. Ndinakawatenga a Nsambo kunyumba kwawo m'mawa. Ndinawapeza akumwa tiyi ndi buledi, ndinamwa nawo. Kuchokera pamenepo sitinasiyane mpaka masana. Mowa ankamwa, sindingawabisire, koma akatha kuimba. Ankati mowa umalemeretsa zala. Tsiku limenelo sanalawe.

Cha m'ma 2 koloko masana, bambo wa masipika anandipanira kamaikolofoni kakang'ono pa kolala ya malaya. Anati ndizilankhula mwachizolowezi, osakuwa. Masipika anali awiri akuluakulu, pa miyendo yachitsulo, oimikidwa pa simenti kutsogolo kwa nsanja, ina kumanja, ina kumanzere. Mmene ankaika zimenezi, a Nsambo anali m'chipinda cha kuseri akuchuna gitala. Palibe amene anawauza. Inenso sindinawauze. Chinthu chimenecho ndinali ndisanachigwiritsepo chibadwire changa, ndipo ndinkayesa kuti mawu angokula pomwe ndaimapo.

Ndinaima pakati pa nsanja, pa chizindikiro chimene Aphunzitsi anamata pa thabwa. Ndinayamba nthano. Gitala inamveka kumbuyo kwanga, cha kumanja. Ine maso anali kwa alendo, poti anatiphunzitsa kuti tisamapatse anthu nkhongo. Ndinangoona a Nsambo akundidutsa chapatali ngati mikono iwiri, akumwetulira, alunjika pa sipika ya kumanja.

Ndinakuwa kuti, "Alamu, ndili kuno!"

Mawuwo anatulukira mu sipika momwemo, mokweza kuposa poyamba. Iwo anafulumira. Phazi linaponda m'malere. Anagwa chammbali, mutu unagunda pa simenti, gitala inaphwanyika pansi pawo.

Woyamba kufika pamene anagwerapo anali Aphunzitsi. Anavula mpango wawo n'kuwamanga nawo pa bala. Magazi ankatuluka ndi m'khutu momwe. Anawanyamula pa galimoto ya bungwe kupita nawo kuchipatala, ine ndinakhala nawo kumbuyo. Kamaikolofoni kaja ndinakapeza kadakali pa kolala titafika kale. Ndi aka ndapereka kwa bwana.

Lamlungu masana mkulu wa bungwe anandipeza pa khonde la chipatala. Anandipatsa moni mwaulemu n'kukhala pansi pafupi nane. Anati, "Madala, nkhaniyi ikakafika kuboma kuti ndi masipika, atitsekera zonse. Anzanu aja angoyamba kumene kupeza podyera. Inu mungonena kuti alamu anu analawako pang'ono. Ndani sadziwa kuti amamwa?"

Ndinati ndamva. Anabwerezanso, ndinati ndamva. Mwana wamkazi wa a Nsambo anali pa benchi yomweyo. Mukhoza kumufunsa.

Dzuwa litapendeka, a Nsambo anatsitsimuka. Ndinawerama pafupi nawo. Ndisanatsegule pakamwa anati, "Alamu, munasunthiranji?"

Ndinati sindinasunthe.

Anati, "Aaa, alamu, bodza mpaka kuchipatala? Ndinakumvani bwinobwino. Munali kutsogolo."

Anesi anati ndisawatopetse, ndituluke. Ndinatuluka. Anamwalira Lolemba m'mawa, osalankhulanso ndi munthu aliyense. Tinaika Lachitatu.

Kumaliro mkulu wa bungwe analankhula. Anayamika luso la malemu, kenako anachenjeza aluso onse za kuopsa kwa mowa pa ntchito. Mlongo wanga anali pomwepo, ana ndi adzukulu omwe. Mdzukulu wamkulu anandifunsa pobwerera kumanda ngati n'zoona kuti agogo ake anafa ataledzera pamaso pa anthu a boma. Ndinamuuza kuti adikire.

Dzulo kunyumba kwanga kunabwera ovina awiri amene tinkaphunzira nawo. Sanalowe m'nyumba. Mmodzi anati, "Agogo, akufa apita. Ife tili ndi ana. Musapite kupolisi." Si anthu oipa, ndipo zoti ali ndi ana n'zoona, ndimawadziwa anawo. Ngati boma litseke bungwe kapena ayi, zimenezo sindikudziwa. Sindikuloza chala bambo wa masipika, iye anachita ntchito yake. Sindikuloza chala Aphunzitsi, iwo anafunsa.

Mlamu wanga sanagwe ndi mowa. Anapita kumene anamva mawu anga.

Zomwe ndikudziwa ndi zomwezi, ndipo andiwerengera, ndavomereza kuti alemba mmene ndanenera.

Chidindo cha chala cha mboni: ____________________

Wapolisi wolemba umboni: ____________________