Madzi Amene Ndinalawa ku Bwacha

Moni nonse abale ndi alongo amene mumawerenga zomwe ndimalemba pano. Dzina langa ndine Lyson, kwathu ndi ku Mchinji, koma lero ndikulemba ndili ku Kabwe, m'dziko la Zambia. Ndikufuna ndikuuzeni za ulova umene unatsala pang'ono kundilanda banja, ndi momwe Mulungu anandikumbukira ine nditataya kale mtima.

Ndinakwatira chikamwini, ndiye mukudziwa kale kuti munda umene ndinkalima, nyumba imene ndinkagona, ngakhale ana amene ndinabereka, zonse zinali za kuchikazi. Fodya atatikanika zaka zotsatizana, a Chikuse, malume a mkazi wanga, anandiitanitsa. Sanakalipe ayi, anayankhula mofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunandilasa. Anati mbumba yawo singamapemphetse ufa mwamuna ali pakhomo, choncho mvula ikadzagwa ndilibe chochita chooneka, ndidzatenge khasu langa ndibwerere kwathu. Mkazi wanga Nabanda anali pomwepo, khanda kumsana, maso ali pansi. Panali chidebe cha thobwa tsiku limenelo, aliyense anamwa, koma chikho chinandidumpha.

Msuweni wanga Gift ankandiuza pafoni kuti ku Kabwe ntchito ndi mbwee, munthu amachita kusankha. Ndinagulitsa njinga n'kuwoloka malire. Nditafika ku Makandanyama, komboni ya mu Kabwe kumene ankakhala, ndinapeza m'nyumbamo muli anthu ena, ndipo anandiuza kuti Gift anasamukira kalekale ku Kopala, chigawo cha migodi ya kopa. Foni yake sinkalowanso. Gift ameneyo, pakamwa pokha ndiye Mulungu anam'patsa mosaumira.

Mayi wina wogulitsa makala anandimvera chisoni n'kundilola kugona m'kashedi kosungiramo matumba. M'mawa uliwonse ndinkadzuka wakuda bii, n'kusamba, n'kuyamba kuyenda geti ndi geti. Paliponse funso linali limodzi, loti ndionetse chitupa cha unzika, ndipo ine ndinalibe. Chibemba sindinkachimva. Ndikayankhula Chichewa chathu, anyamata a pa siteshoni ankaseka n'kumandiyeserera, ena n'kumandiopseza kuti andiitanira a zolowa ndi kutuluka m'dziko. Ndinaphunzira kutseka pakamwa ndi kuyenda m'mbali mwa msewu ngati munthu wakuba, chonsecho sindinabe kanthu ka munthu.

Kumene safunsa chitupa kunali kumodzi kokha, kumulu wa zotsalira za mgodi wakale kufupi ndi komboni ya Chowa. Kumeneko anthu amakumba dothi lakuda kufunafuna miyala yogulitsa. Fumbi lake limalowa m'mano, m'makutu, m'chakudya, ndipo sipanatenge nthawi ndinayamba kutsokomola. Tsiku lina masana dzenje linagumukira bambo amene ankakumba pafupi nane. Tinamufukula ndi manja, koma anali atapita kale. Chimene chinandiopsa kwambiri si imfayo ayi, koma kuti titafunsana dzina lake ndi kwawo, panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa. Nayenso anali mlendo ngati ine. Ndinadziona ndekha nditagona pamenepo, Nabanda akuuza ana kuti bambo awo anawathawa.

Sindinabwererekonso kumuluko. Kumwamba mitambo inali itayamba kusonkhana, ndipo mtambo uliwonse unkandikumbutsa mawu a malume aja. Nabanda anaimba foni n'kundiuza kuti malume afunsa ngati kuli nkhani. Sanalire, anangoti ana akundifunsa. Abale anga, ndinakwiya ndi Mulungu, sindikubisirani. Ndinakhala pa thumba la makala dzuwa likuswa mtengo n'kumuuza kuti ngati wanditaya angondiuza, ndileke kudzivutitsa. Limenelo ndilo pemphero lokhalo limene ndinali nalo, lopanda ulemu, lopanda ngakhale ameni.

Patapita masiku, mayi wa makala uja anandiuza kuti kasitomala wake wina ku Bwacha, dera lina la mu Kabwe momwemo, akufuna munthu wotchetcha udzu, ganyu wa tsiku limodzi. Ndinapita wapansi. Mwini nyumba anali Mayi Esnart, mphunzitsi, wobadwira m'tauni momwemo ngakhale makolo awo anachokera ku Katete, kwa Achewa anzathu a ku Zambia. Pakhonde panakhala bambo awo, a Phiri, nkhalamba imene inagwira ntchito mumgodi moyo wake wonse. Anali owonda zomvetsa chisoni, milomo itang'ambika, ndipo pambali pawo panali mbale ya phala ndi kapu ya tiyi, zonse zosakhudza, ntchentche zili ng'waa. Ndikutchetcha ndinkamva mayiwo akuwanyengerera, kenako akuwakalipira, kenako akulira kukhitchini.

Dzuwa litakwera ndinapita pampopi kukamwa madzi. Ndinaona mkuluyo akuyang'anitsitsa madziwo, kukhosi kukuyenda. Kwathu sungamwe wamkulu akukuyang'ana, choncho ndinatsuka kapu, ndinatunga, ndinapita n'kunjuta patsogolo pawo. Ndisanawapatse ndinayamba ndamwako pang'ono iwo akuona, monga tinkachitira kwathu popatsa munthu chakumwa, kuti adziwe kuti mulibe choipa. Sindinaganize n'komwe, dzanja linangochita zomwe linazolowera. Kenako ndinapereka ndi manja awiri n'kunena kuti, "Agogo, ndalawa, imwani."

A Phiri analandira kapu ija n'kumwa madzi onse osapumira, ena akutsikira m'ndevu. Atamaliza anandifunsa, m'Chichewa chenicheni cha kumudzi, kuti ndine mwana wa yani.

Nditacheuka ndinapeza Mayi Esnart ataima pakhomo, dzanja lili pakamwa.

"Ba uncle, mwabachita chani ba Daddy? Bakana vonse, even madzi, bakamba ati tifuna kubapaya," anatero mayiwo m'Chinyanja cha m'tauni, momwe kupaya ndi kupha.

Ndinachita mantha, ndinkaganiza kuti ndalakwa pomwera kapu ya m'nyumba. Ndinapepesa n'kufotokoza kuti ndi mwambo chabe. Mayiwo anakhala pansi pa sitepe. Anati akukumbukira malemu mayi awo akuchita zomwezo iwo ali mwana, koma zinawachoka m'mutu kalekale. Anandiuza kuti chiyambire kusokonekera maganizo ndi ukalamba, bambo awo ankaona ngati aliyense akufuna kuwathirira mankhwala, moti osamalira odwala amene anawalemba ntchito ankangochoka okha, ndipo kuchipatala anali atachenjeza kuti akapitiriza kukana chakudya sakhalitsa. Anatenthetsa phala lija n'kundipatsa. Ndinalawa supuni imodzi, a Phiri anadya mpaka kupala mbale.

Pamenepo Mayi Esnart anandifunsa ngati ndingakhale n'kumawasamalira bambo awowo. Ndinanena zoona, kuti ndine wa ku Malawi ndipo chilolezo chogwirira ntchito ndilibe. Ndinkadikira kuti andionetse geti ngati ena onse aja. Iwo anangopukuta maso n'kunena kuti za mapepalazo tikazilondola bwinobwino kumaofesi, iwo pamodzi ndi akulu a mpingo wawo, ndipo anachitadi, ngakhale zinatenga nthawi ndi maulendo otopetsa.

Musaganize kuti ndinalowa m'paradaizo. Ntchito yosamalira nkhalamba ndi yowawa: kuwasambitsa, kuwasintha akadziipitsira, kutukwanidwa masiku amene sakundizindikira. Chifuwa cha kumulu chija sichinandisiyiretu mpaka lero. Bambo amene tinamufukula uja ndimamulotabe, ndipo abale ake, kulikonse kumene ali, mwina akumudikirabe. Koma ndinali ndi pogona, ndi malipiro a pamwezi, ndi anthu ondiitana ndi dzina langa.

Mvula yoyamba inagwa nditatumiza kale feteleza ndi mbewu kwa Nabanda. Pa Khirisimasi Mayi Esnart anandilola kukaona ana, iwo atazolowera kulawa okha chakudya cha bambo awo. Nditafika, a Chikuse anandiitanitsanso pamalo omwe aja, ndipo ndinapita mtima uli m'mwamba. Za khasu lija sanazitchule. Anatunga thobwa, anamwako pang'ono ine ndikuona, n'kundipatsa chikho ndi manja awiri. Ndinamwa misozi ikugwera momwemo, ndipo Nabanda, kwa nthawi yoyamba pamaso pa malume ake, anadzutsa mutu.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lamwano la pa thumba la makala. Ndikuthokozanso mayi wa makala ndi banja la a Phiri, amene anandilandira ndilibe chowaonetsa. Inu amene muli m'dziko la eni, mukugogoda mageti osatseguka, mukuchita manyazi ndi kayankhulidwe kanu ndi makhalidwe a kwanu, musataye mtima ndipo musataye zimene makolo anakuphunzitsani. Ine ndinafunafuna ntchito ndi mphamvu zanga zonse osaipeza, koma Ambuye anaibisa m'kapu ya madzi a pampopi. Limbikirani kupemphera, ngakhale mawu atatuluka okwiya. Ulemerero ukhale kwa Iye yekha. Ameni.