Makeke amene sindinaphike

Abale ndi alongo, ine ndine Amake Tiya wa ku Estates kuno ku Kafue, uja wa makeke. Mkazi amene ndinali kale ndikamukumbukira, mtima umawira mpaka lero.

Sindinkamwa mowa. Mowa wanga unali kunyada. Ndinkafuna aliyense mu Kafue aziti bizinesi yanga ndi yapamwamba.

Choncho ndinapeza bambo wina wa ku Lusaka kuti andipangire webusaiti. Ndinamuuza kuti ioneke ngati ya hotela yaikulu. Anandimvera. Anaikapo nyimbo yongoyamba yokha munthu akatsegula. Anaikapo zilembo zagolide zopotanapotana, zosawerengeka. Mawu onse anali m'Chingelezi choti ine mwini wake sindinkachimva. Mitengo panalibe. Njira yofikira kwathu panalibe. Nambala ya foni inali pansi penipeni, komanso inali yakale, imene ndinasiya kugwiritsa ntchito.

Koma tchimo lenileni linali pa zithunzi. Makeke anga ndinkawaona onyozeka. Ndinamuuza atenge a pa intaneti. Anatenga makeke ataliatali a kunja, a maluwa a shuga, n'kulembapo dzina langa.

Mwana wanga Tiya, amene amagwira ntchito ku Lusaka, anaiona ali mu minibasi. Atafika kunyumba anati, "Mami, iyi webusaiti idya mabando ya intaneti ya anthu. Pa foni siseguka. Munthu azapeza bwanji nyumba yathu? Na makeke aya si yanu."

Ndinamulalatira. Ndinati, "Iwe ndinakubala ine, lero uzindiphunzitsa? Ngati nyumba ino ikukuchititsa manyazi, tuluka!"

Anatuluka. Anakakhala kwa azakhali ake ku Nangongwe. Lamlungu ine ndinali pano m'tchalitchi, mpando wakutsogolo, kuimba mokweza kuposa nonse. Chinyengo chotani chimenecho!

Patapita nthawi, Amake Mutinta a mumpingo muno anali ndi ukwati wa mwana wawo wamkazi. Abale a mkwati anaona webusaiti ija pa kompyuta ya kuntchito, n'kusankha keke yansanjikansanjika. Amake Mutinta anabwera nacho chithunzicho.

"Iyi muzakwanitsa?" anandifunsa.

Ndinati, "Nanga anapanga ndani? Si ine?"

Sindinkadziwa n'komwe mmene keke yotere amaimikira. Ndinangosanjikiza. Tsiku la ukwati kunatentha kwambiri, ndipo keke inayamba kupendama tili m'galimoto. Titaiika mu holo, kirimu anali atasungunuka. Gawo la pamwamba linatsetsereka n'kugwera patebulo, alendo akulowa kale.

Mlongo wa mkwati anakweza foni m'mwamba. "Onani iyi, onani iyo! Ndiye keke yamene tinasankha iyi?"

Ena anaseka, ena anayamba kujambula. Amake Mutinta anamasula chitenje chawo n'kuphimba tebulo kuti mwana wawo asaone. Koma anaona. Mkwatibwi analira pa tsiku la ukwati wake, chifukwa cha ine.

Mukuganiza kuti ndinalapa? Ayi! Ndinakwiyira dzuwa. Ndinakwiyira dalaivala, msewu, bambo wa ku Lusaka uja. Kunyumba ndinaswa mbale yosakanizira ufa. Kutchalitchi ndinasiya kubwera, ndimati anthu ake ndi amiseche.

Tsiku lina masana Amake Mutinta anagogoda. Ndinatsegula nditakonzeka kukangana. Iwo analowa kukhitchini n'kukhala pansi.

"Amake Tiya," anatero, "keke yamene munapanga pa ubatizo wa mdzukulu wanga inali yabwino maningi. Ija ndiye n'nali kufuna ine. Munaibisira chani?"



"Ine nakukhululukirani," anapitiriza. "Manje mwana wanu ali kuti?"

 Ndinagwada pa simenti, iwo anandigwira dzanja, tinapemphera. Kwa nthawi yoyamba ndinauza Mulungu zoona. Ndinati ndine wabodza. Ndinati ndinapirikitsa mwana wanga chifukwa sanafune kunama nane. Ndinalira kwambiri, ndipo Yesu anandilandira mmene ndinalilimo.

Ndinapita ku Nangongwe. Ndinati, "Tiya mwananga, ndinakulakwira."  Iye anati, "Mami, bweretsani foni."

Tinachotsa nyimbo, zilembo zija ndi zithunzi zonse zakuba. Tiya anajambula makeke anga pafupi ndi windo, powala bwino, n'kuchepetsa zithunzizo kuti zizitseguka msanga ngakhale pa foni yotchipa. Nambala yolondola anaiika pamwamba. Mitengo tinailemba poyera, ndi njira yofikira kwathu, m'mawu amene timalankhula. Tinakayesa pa foni ya mnzanga wogulitsa nsomba kumsika, ndipo anapeza zonse popanda womuthandiza. Pomaliza ndinati, "Lembaponso kuti makeke ataliatali sindipanga."

Sindinalemere ayi. Ena safuna makeke anga mpaka pano. Mkwatibwi uja amandipatsa moni, koma tsiku lake sindingamubwezere, ndipo zimenezi zimandikwiyitsabe.

Ndiye inu osoka, inu a masaluni, inu opala matabwa, ndikamaona zithunzi zosakhala zanu pa mawebusaiti anu, ndimapsa mtima. Chotsani! Onetsani zimene manja anu amapanga. Munthu akupezeni, akuimbireni, adziwe mtengo.

Tiya wakhala apo, pafupi ndi Amake Mutinta. Zimenezi sindinazipange ine. Ambuye alemekezeke!

Ngati ulipo muno wotopa ndi kudzionetsa chimene suli, nyamuka. Bwera kuno kutsogolo tigwade limodzi. Malo alipo.