Msuzi wa Nkhuku mu Nyemba za Apadiri

Chaka chija nkhondo itangotha, pamene tinkabwerera kuno kuchoka ku msasa wa othawa nkhondo ku Dedza titasenza mphasa ndi miphika, ine imvi zinali zitayamba kale, ndipo ana anayi onse ankayang'ana ine, wotsiriza ali mai ako iwe Rozalina. Adzukulu anga, pitirizani kusankha nyembazo, ndikufuna makutu anu okha. Munda tinaupeza uli thengo, ng'ombe za bambo anga zinali zitatha zonse, koma mwayi unandigwera ku misau, kwa ansembe kuja, kumene ankafuna munthu wa kukozinya, ndiye kuti wophika, pakuti kuphika ndinaphunzira ndili mnyamata kwa ansembe akale achipwitikizi. Nkhumba ndinkaiwotcha bwino, ndipo nkhuku yanga ya adyo ndi tsabola ankainena mpaka ku Domwe.

Wansembe amene anatitumizira anali apadiri Tomasi, munthu wamfupi wochokera ku Indiya. Tsiku lomwe anafika ndinapha tambala, koma ndisanamalize kumusosola iwo analowa m'kozinya.

"A Bernadu, pepani, mwavutika," anatero. "Ine nyama sindidya."

"Lero si Lachisanu, apadiri."

"Sindidya tsiku lililonse. Chibadwire sindinailawe."

Ndinafunsa za nsomba, anakana. Mazira, anakana. Ndinafunsa za ngumbi, ndipo nditawalongosolera kuti ngumbi n'chiyani anandifunsa ngati zili ndi maso. Ndinati zili nawo. "Ndiye zisiyeni ziziuluka," anatero akuseka, koma ine sindinaseke nawo.

Inu a masiku ano simungamve kuvuta kwake, chifukwa mukangopita pa banka, pa kagolosale paja, mupeza soya wa m'mapaketi uja amalonda amalowa naye pa malire a pa Kalomwe, kumuviika m'madzi otentha, kumukazinga ndi tomato, basi mlendo wadya. Nthawi imeneyo kunalibe. Ndiponso ife Angoni tinaleredwa kuti mlendo ukamupatsa masamba okha wamunyoza, ndipo ine ndiwo zamasamba ndinkaziona ngati zosayenera munthu wophunzira kuphika ngati ine. Choncho ndinkangowiritsa kabichi, kachewere ndi nyemba zamchere, lero zomwezo, mawa zomwezo. Apadiri sanadandaule. Ankadya pang'ono, kuthokoza, n'kukwera njinga kupita kukachita Misa ku Lifidzi ndi midzi ya kumapiri, ndipo mwezi ndi mwezi mkanjo unkawakulira.

Lamulungu lina ali pakati pa Misa anagwirira guwa, n'kukhala pansi kwa kanthawi, thukuta lili pamphumi m'mawa wozizira. Potuluka amai ena achikulire anandiimika pakhomo la tchalitchi. "A Bernadu, takhala zaka zingati opanda wansembe? Tampeza mmodzi, inu mukutiphera ndi njala."

Mawuwo anandilowa. Mlungu womwewo kunabwera akatekisita ku msonkhano, ndinawaphikira nkhuku, ndipo nditayang'ana msuzi uja ukuyandama mafuta, ndinatunga kapu imodzi, kuusefa pa nsalu yoyera kuti pasatsale kanthu kooneka, n'kuthira mu nyemba za apadiri. Tsiku limenelo anamaliza mbale. "Lero nyemba zakoma, a Bernadu." Ndinati ndi nyemba zatsopano. Ndinachitanso, n'kuchitanso, ndipo nthawi iliyonse akayamikira ine ndinkangochotsa mbale n'kuthawira m'kozinya.

Pasaka atayandikira inafika nthawi yolapa, ndipo apa m'pamene panali povuta, chifukwa wansembe wina wapafupi kunalibe. Ndinalingalira zobisa tchimolo, koma kubisa tchimo polapa ndi tchimo linanso loposa. Musadabwe kuti ndikukuuzani za m'kulapa: wolapa akhoza kunena zake, woletsedwa kunena ndi wansembe. Loweruka masana ndinagwada, ndinayamba ndi machimo ang'onoang'ono monga timachitira tonse, kenaka ndinanena.

Ndinkamva kupuma kwawo kuseri kwa nsalu.

"Kangati?"

"Kasanu ndi kawiri, apadiri."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndinkaopa kuti mungatifere."

Polankhula mawu awo anali otsika. "Kwathu banja lathu silidya chamoyo. Ine nditabatizidwa ndinasiya zambiri za kwathu, ndipo mai anga analira. Ichi chokha ndi chimene ndinawalonjeza kuti ndidzasunga." Anandipatsa mapemphero oti ndikanene, anandikhululukira, ndinatuluka ndikudziwa kuti ntchito yatha, ndikudzifunsa kuti ana anga adya chiyani.

Lolemba ndinapita kuntchito ndikuyembekeza kuitanidwa. Sindinaitanidwe. Masana ndinaika nyemba patebulo, apadiri anapemphera, anatenga supuni n'kudya, osanunkhiza, osandiyang'ana mwachilendo, ndipo pomaliza anathokoza monga mwa masiku onse. Lachiwiri chimodzimodzi. Kenaka ndinakumbukira za pa katekisimu, kuti zimene wansembe wamva polapa sangazinene ngakhale kwa mwini wake, ndipo sangachitepo kanthu kunja. Ndiye kuti munthu uja sakanatha kundichotsa, sakanatha ngakhale kundifunsa kuti lero mwathiramo chiyani. Ankangodya chimene ndamuikira. Ndikukuuzani, akanandikalipira zikanapepuka.

Ndinakafotokozera agogo anu aakazi, anaNgozo, Mulungu awasunge kumene ali. Ankasinja mtedza pabwalo, ndipo sanasiye kusinja. "Inu bambo a Sizaliya, ku msasa wa ku Dedza kuja munadya nyama kangati?" Ndinawerenga, sizinakwane zala za dzanja limodzi. "Nanga munafa? Ana awa anafa? Mumaganiza ankakhalira chiyani? Vuto si nyama. Vuto ndi loti inu mumadziwa kuphikira Apwitikizi, kuphika kwa amai anu simukudziwa."

Ndinakhala pa mphasa ngati mwana wa sukulu. Anandiphunzitsa chipere: kuviika nyemba, kuzifikisa m'manja mpaka makoko achoke, kuziphika zipse ndithu, n'kuzipukusa ndi mthiko mpaka zisalale. Anandiphunzitsa kuti nsinjiro sathira n'kuvundula nthawi yomweyo, amaziika pamwamba pa nkhwani zipse kaye ndi nthunzi. Ananditumiza kwa azakhali awo kuseri kwa phiri kukapempha bowa wouma, ndipo bowa umenewo ukautsuka bwino mchenga, kuuphika nthawi yaitali n'kuutendera, mano amapeza chotafuna ngati nyama yofutsa. Lero mitengo ya bowa ija munaiwotcha makala, ndiye mukaupeza pamsika musamanyinyirike mtengo.

Bajiya, tizitumbuwa ta khobwe tija, ndinakaphunzira pa Kalomwe, kwa mai wina wochokera ku Tete amene ankakazinga pafupi ndi poima malole. Ndinakhala pambali pake tsiku lathunthu ndikumusonkhezera moto. Khobwe woviika, wochotsa makoko, kumusinja mu mtondo pamodzi ndi adyo ndi mchere, n'kumadontheza m'mafuta otentha. Anga oyamba anamwazika onse m'mafuta chifukwa ndinachulutsa madzi, ndipo alimi a pa misau atandiona ndi munsi m'manja anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ndinawasiya aseke.

Koma chachikulu chinali chimene ndikanayambira pa tsiku loyamba, kufunsa mwini wake. Tsiku lina ndikuchotsa mbale ndinalimba mtima. "Apadiri, kwanu mai anu ankakuphikirani chiyani?"

Anandiyang'ana, ananyamuka, ndipo anabwera ndi kachitini kochokera m'chipinda chawo. Munali chikasu, tinjere ta mpiru, ndi zina zimene maina ake sindinawagwire. "Ndakhala nako chifikireni," anatero. "Ndinkaopa kuti ndikakakupatsani muona ngati ndikunyoza kuphika kwanu." Taonani, miyezi yonse ija ine ndikuopa iwo, iwo akuopa ine, kachitini kali phee pansi pa bedi.

Anapinda manja a mkanjo, anatenthetsa mafuta pang'ono, anaponyamo tinjere tija mpaka tithetheke, anathira anyezi ndi chikasu, n'kukhuthulira zonsezo mu chipere changa. Fungo lake linafika mpaka kumunda. Tsiku limenelo anadya mbale ziwiri, ndipo ine ndinaimirira pakhomo ndikuwayang'ana, mtima uli m'malo koyamba chiyambire chaka.

Sindinganame kuti ananenepa mlungu umodzi. Zinatenga nthawi, ndipo masiku ena bowa unkasowa, masiku ena mafuta. Koma pofika nthawi yokumba kachewere masaya anali atabwerera, ndipo chitunda chija cha pa njira ya ku Lifidzi, chimene ankatsika njinga n'kumakankha, anayamba kuchikwera ali pampando. Amai aja anandiimika pakhomo la tchalitchi anadzandiimikanso. "Mwayamba kuwapatsa nyama eti?" Ndinati ayi, ndipo inu simungadziwe kukoma kwake kwa ayi ameneyo, chifukwa anali woona.

Anakhala nafe zaka zisanu ndi chimodzi. Tsiku lotsanzikana akhristu anapha mbuzi ziwiri, ine ndinakazinga beseni la bajiya ndi mphika wa bowa wotendera za apadiri ndi alendo awo ochepa. Ndinangochoka pang'ono kukatenga mbale, pobwera ndinapeza beseni lili mbee, ndipo amene ankapukuta pakamwa anali alimi omwe aja ankandiseka pa mtondo. Mbuzi inatsala, ine ndinayambiranso kusinja khobwe. Pokwera galimoto apadiri anandigwira dzanja nthawi yaitali. Za msuzi uja sanazitchulepo, tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse.

Ndiye adzukulu anga, masiku ano osadya nyama achuluka, ena awaletsa kuchipatala, ena ndi mpingo, ena angosankha okha. Wotere akadzafika pakhomo panu musadzamuseke, ndipo musadzamumvere chisoni chonga changa chija. Mufunseni chimene amadya, mumukhulupirire, n'kupita kunkhokwe kwanu, chifukwa khobwe, mtedza, nzama ndi nyemba zimene mukusankhazi zimamusunga munthu. Ndipo chimene simungathe kuchitchula poika mbale patebulo, musachithire mumphika. Ine ndinaphikabe pa misau paja mpaka maso atayamba kufooka, ndipo kukalapa ndinkapita ndithu, pakuti machimo ena ndinali nawo, koma za m'mphika sindinakalapenso.